Tepi ya Amayi

Amayi anga anali ndi nyimbo yawo yonyozera anyani. Munda wathu ku Nsefu unali kufupi ndi paki ya nyama zakutchire, ndipo chimanga chikayamba kukhwima anyani ankabwera ngati tawaitana. Kuwagenda unkatha, koma ukapha mmodzi masikauti akupeza. Ndiye amayi ankakwera pansanja ndi chitini n'kumawaimbira m'Chikunda, kuwanena ulesi, kuwanena kufiira kumbuyo. Odutsa ankaima n'kumafa nazo nseko.

Chaka china kunabwera bambo wina wa ku wailesi ya boma, chibokosi chili paphewa. Ntchito yake inali yoyenda m'midzi kujambula nyimbo. Ine, ntchembere ya ana awiri, ndinamukakamira pambali, kufuna kuona polowera mawu. Timagudumu tiwiri tinkazungulira, kalamba kopyapyala kakuchoka uku kupita uko. Atabweza tepiyo, amayi anatulukira m'bokosimo, ndi chitini chomwe!

"Iii, kodi ndimalongolola chonchi?" anatero amayi, dzanja lili pakamwa.

"Muzitsegula wailesi Loweruka masana," anayankha bamboyo.

Tinkatseguladi, koma nyimbo yawo sinkabwera. Dzinja lomwelo amayi anadwala n'kutisiya. Ine sindinaleke, mabatire akafooka ndinkawayanika padzuwa. Ndinkangofuna kuwamvanso kamodzi. Kenaka pulogalamu ya nyimbo za kumudzi ija inangozimiririka, osatsanzika n'komwe.

Patapita nthawi, ndikudikira minibasi pa Jumbe, ndinamuona bambo uja akugulitsa kapenta.

"Mwaswera bwanji, bambo? Si inu a chibokosi?"

Anaseka. Anati kuwailesi anayamba ndi kuletsa maulendo a m'midzi kuti asunge mafuta, kenaka anachotsa anthu ambiri ntchito, iye ali m'gulumo.

"Nanga tepi ya amayi anga? A ku Nsefu."

"A anyani aja!" Nkhope inamugwa. "Matepi atsopano analeka kugula, mayi. Ankatenga akale n'kujambulapo zina. Onse a kuchigwa kuno anaperekedwa kwa a pulogalamu ya alimi a thonje."

"Ndiye mawu akalewo amapita kuti?"

"Amafufutika."

"Afufutike n'kupita kuti? Nsalu ukainyika mtundu wina, maluwa akale amaonekerabe pansi."

Anakanda kumutu. Anati iye ankangodziwa kujambula, za m'kati mwa kalambako sanazifunsepo. Minibasi inafika ndisanathe mafunso.

Ndinakwiya njira yonse mpaka ku Chipata. Ha, amayi anga kuwapondereza ndi mankhwala a mbozi! Koma funso lija silinandichoke. Thonje sindilima ine, koma pulogalamu ya alimi sindiphonya. Mlangizi akamafotokoza kapoperedwe, ndimadikira pomwe apumire mpweya, ndikweze wailesi, khutu ndigunditse. Ana anga amati ndapenga. Pamamveka kaphokoso kakang'ono, shiii, ndipo ndimawauza kuti akhale chete. Chitini sindinachimvebe.