Tenti ya Kuseri kwa Nyumba

Linali Loweruka la mu Okutobala 1994, ndipo ndinali nditagwada pakhomo la kukhitchini ndikutsuka kapu ya atate, imene inkatsukidwa payokha ndi madzi otentha. Za tsikulo ndimakumbukira fungo kuposa nkhope za anthu. Linali fungo la dizilo ndi gaga, lochokera pa tenti yakale ya lole imene amalume anali atangoiponya pamchenga kumbuyo kwanga.

Tinkakhala ku Maramba, m'nyumba yamalata ya kumapeto kwa mzere. Kuseri kwake kunali kabwalo ka mchenga, waya woyanikapo zovala, ndi mpanda wa bango umene unali utagwa mbali imodzi, moti aliyense wopita kumpopi ankaona zonse za kwathu. Mtengo tinalibe. Wa mango umene tinaupeza unauma chaka cha chilala, atate n'kuudula. Mwezi umenewo dzuwa likangokwera pang'ono mchenga unkawotcha mapazi, nyenje zinkalira osapumira, ndipo malata ankathetheka ngati wina akuponyapo timiyala. Ngakhale nkhungu ya ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, imene miyezi ina tinkaiona titaima pamsewu, inali itazimirira.

Atate anali atasiya ntchito ya kunjanji chifukwa cha chifuwa. Anaonda mpaka lamba wawo anachita kumubowola mabowo ena ndi msomali. Masana onse ankagona kuchipinda makatani ali otseka, chifukwa amayi sankafuna kuti anthu aziwaona. Anzawo amene kale ankadzaza pabalaza pathu Lamlungu anali atayamba kupereka moni ali pamsewu, osaima. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mwana ndekha m'nyumbamo, ndipo ndinali wamanyazi kwambiri moti aphunzitsi akandifunsa funso ndinkayankha ndikuyang'ana desiki. Zambiri zimene ndinkafuna kunena ndinkazilemba madzulo m'kabuku kanga kachikuto chofiira.

Tsiku lina atate anatuluka kuchipinda malaya atanyoweratu ndi thukuta, n'kunena kuti, "Muno nipsa ngati mbatata. Nifuna mthunzi panja." Nkhani ya mthunziyo inatenga masiku ambiri, ndipo inali nkhani yokhayo m'nyumba mwathu imene sinali ya mankhwala. Atate ankafuna chisakasa cha udzu, chonga zimene ankaziona m'mahotela a m'mbali mwa Zambezi, azungu atakhala pansi pake miyendo atatambasula. Amayi anati udzu wabwino umamwetedwa m'nyengo yozizira, tsopano tchire lonse lapsa, ndiponso udzu ndi mbaula sizikhalira limodzi. Iwo ankafuna malata awiri pamitengo inayi. Atate anapukusa mutu. "Malata ni amene anithamangitsa mu nyumba, manje anilondole na panja?"

Ine ndinalimba mtima n'kutchula magalagadeya. Ndinali nditawaona kunyumba kwa aphunzitsi athu atayanga pawaya, pansi pake pali pozizira ngati m'tchalitchi. Atate anafunsa kuti amatenga nthawi yaitali bwanji kuti aphimbe, ndipo ndinayankha monyadira kuti pofika chaka chamawa nthawi ngati ino adzakhala ataphimbiratu. Amayi ananyamuka n'kukayamba kupukuta tebulo limene anali atalipukuta kale.

Pamenepo m'pamene atate anatchula tenti. Amalume, achimwene awo a amayi, ankayenda ndi lole yonyamula ufa, ndipo anali ndi tenti yakale imene sinkagwiranso ntchito. Amayi anangoti, "Tenti ayi." Ananena mawu awiri okhawo atayang'ana kukhoma. Atate anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo atapuma anati, "Basi, Zelipa asankhe. Ni iye azikhala naine pamenepo."

Mwina ankangocheza, koma ine ndinaitenga ngati ntchito imene ndapatsidwa. Ndikaweruka kusukulu ndinkaima kuseri kuona kumene mthunzi wa nyumba ukulekezera, n'kuikapo timiyala. Ndinajambula chisakasa, malata ndi tenti m'kabuku kaja, chilichonse ndi kamunthu kowonda katakhala pansi pake. Udzu kunalibe, malata atate anawakana, magalagadeya anakhumudwitsa amayi pa chifukwa chimene sindinachimvetse. Inatsala tenti. Ndinaganiza kuti amayi akuikana chifukwa ndi yakuda ndi fumbi la m'misewu, ndipo ndinati ikadzabwera ndidzaitsuka.

Loweruka lija atate anadzuka atafooka kwambiri. Amayi anaitanitsa takisi, ndipo anthu amene anali pampopi m'mawa umenewo anawaona akuwagwirizira mpaka pamsewu, kupita kuchipatala. Ine anandiuza kuti ndisese ndipo ndisachoke pakhomo. Posakhalitsa amalume anafika atasenza tenti ija, lole ataisiya ikulira pamsewu. "Alamu anati nibweretse aione chabe," anatero akupukuta manja pa ovolosi. Sanafunse kumene makolo anga anapita, ndipo ine sindinanene. Ndinangowapempha kuti andimangire. Anamanga ngodya ziwiri pamitengo ya denga, ziwiri zina pamitengo ya waya wa zovala, dalaivala wa loleyo akuwaimbira hutala, n'kuthamanga.

Ndinaipukuta mpaka pamene ndinkafikira nditakwera pa ndowa. Kenako ndinaganiza kuti atate asadzapeze mthunzi wopanda pokhala. Ndinakoka mpando wawo waukulu kuchokera pabalaza, ndikupumira panjira, mapazi ake akulemba mizere pamchenga. Ndinatulutsanso mipando ina iwiri, katebulo ndi benchi, mpaka pabalaza panatsala simenti yokha. Ndinawaza madzi pamchenga kuti fumbi ligone. Makala anali atatha, choncho ndinakoleza zikuni ziwiri pambali kuti ndiwatenthetsere madzi osamba. Nditamaliza ndinakhala pabenchi. Pansi pa tentiyo kuwala kunali kobiriwira, kamphepo kankadutsa, ndipo ndinali wosangalala kuposa tsiku lina lililonse la chaka chimenecho.

Woyamba kuona anali bina Mutinta, mayi wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Ankachokera kumpopi. Anaima pamene mpanda unagwa, anayang'ana tenti, mipando ndi utsi wa zikuni, n'kutula ndowa pansi madzi akukhavukira. Anagwira manja kumutu n'kubwerera chothamanga. Ndisanamvetse chimene chachitika, anatulukiranso atamanga duku ndi chitenje chakuda, akulira mokweza ndi kutchula dzina la atate, amayi ena awiri ali pambuyo pake. "Mawe, ba Sakala! Ba Sakala mwatisiya!" Anandikumbatira, nkhope yanga n'kuikanikiza pachifuwa chawo chonunkhira sopo ndi kapenta. "Mwana wanga, wasala na ndani iwe?"

Nthawi yomweyo ndinadziwa. Ndinali nditaonapo matenti ambiri a maliro m'Maramba zaka zimenezo, pafupifupi msewu uliwonse: tenti pabwalo, mipando panja, moto wa zikuni, abambo atakhala chete. Ife ana ankatiuza kuti tizidutsa patali. Koma m'mutu mwanga zimenezo zinali za kwa anthu ena, ndipo iyi inali tenti ya lole ya amalume.

Mawu ochepa chabe akanathetsa zonse. Ndikanangoti atate ali kuchipatala, abwera. Ndinatsegula pakamwa, koma maso a anthu akuluakulu onsewo anali pa ine, ndipo lilime linalemera. Ndiye maganizo ena anandibwerera, oti mwina si tenti imene yawaitana. Mwina wina wachokera kuchipatala ndi uthenga, ndipo onse akudziwa kupatula ine. Ndinayamba kulira, ndipo kulira kwangako kunawatsimikizira.

Anthu anabwera mofulumira modabwitsa. Amayi obwerawo ankavula nsapato pakhomo n'kukhala pansi pabalaza paja, miyendo atatambasula. Abambo anakhala pansi pa tenti, ndipo ba Mweemba, amene anagwira ntchito ndi atate kunjanji, anakhala pampando wa atate weniweniwo. Wina anabweretsa mtolo wa nkhuni, wina beseni la ufa, wina kabichi. Amayi a kutchalitchi anayamba nyimbo chapansipansi. Ine anandikhazika pakhomo la kukhitchini, pamene ndinkamva abambo akunong'onezana. "Tinali kuona, munthu anali atasila," anatero wina, kutanthauza kuti atate anali atatheratu. Mnzake anatchula za matenda aja, osanena dzina lake, ndipo onse anavomereza ndi mitu. Ndinkamva zonsezo nditagwira maondo, ndikuyang'ana nyerere zimene zinkakoka kambewu pamchenga.

Takisi inabwera dzuwa litapendeka. Atate anazungulira nyumba pang'onopang'ono atatsamira paphewa la amayi, kapepala ka mapiritsi kali m'manja. Nyimbo inaduka kuyambira kwa amene anali pakhomo, mpaka mayi wina m'katimo anatsala akuimba yekha, kenako nayenso anasiya. Ba Mweemba ananyamuka pampando paja ngati pali moto. Atate anayang'ana tenti, nkhuni, beseni la ufa, ndi nkhope imodziimodzi.

"Nanga wamwalira ni ndani?" anafunsa. "Muniuze, nilileko naine."

Palibe anaseka. Bina Mutinta anatuluka atagwira nsapato m'manja. "Tinaona tenti, ba Sakala. Na mipando panja. Na mwana anali kulira." Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Ndikanakonda amayi akanandikalipira pomwepo, koma anangondiyang'ana, kenako anapita pamtengo wa waya n'kuyamba kumasula chingwe.

"Isiye," anatero atate. "Niyambe nakhalamo, nimve ngati ni yabwino." Anakhala pampando wawo, anatsamira, n'kutseka maso kanthawi. "Ba Mweemba, khalani pansi. Mwabwera kale. Kapena mufuna nikalowe mu bokosi ndiye tizicheza?"

Ba Mweemba anakhala pabenchi chipewa atachipinda m'manja. Amayi aja anatuluka mmodzimmodzi, ena kudzera kutsogolo kuti asadutse pamaso pa atate, ndipo palibe anakumbukira ufa kapena nkhuni zake. Abambo awiri atatu anatsala. Poyamba ankangotsokomola, kenako wina anayambitsa nkhani ya mpira. Ine ndinali nditathawira kuchipinda, nditabisala kuseri kwa chitseko, ndipo kuchokera pamenepo ndinamva atate akutsutsana ndi anzawo za goli, mawu awo ali okwera monga kale.

Anthu atapita, atate atalowa, amayi anamasula tentiyo okha. Sanafune kuti ndiwathandize. Anaipinda kangapo n'kuikankhira kuseri kwa chimbudzi. Pobwerera anandipeza pakhomo, ndipo anangoti, "Unali na pakamwa, Zelipa." Atate anandiitana kuchipinda. Anali atagona chagada, atatopa kwambiri, koma anandigwira dzanja. "Mthunzi wako unali bwino, amai," anatero. "Koma uitana anthu ambiri."

Masabata otsatira ndinkayenda nditawerama, ndikukhulupirira kuti Maramba yonse ikundiseka. Kumpopi ndinkapita masana dzuwa likuswa mtengo kuti ndisakumane ndi munthu. Ndikaona anthu akundipewa maso, ndinkati akubisa chiseko. Ndinakula ndisanazindikire kuti palibe anasekapo. Bina Mutinta anayamba kutunga madzi kumpopi wakutali, kuzungulira msewu wonse, kuti asadutse pampanda pathu. Ba Mweemba anabwera Loweruka lina ndi udzu wakale umene anasasula pa khola lawo, anamanga kachisakasa osalankhula zambiri, ndipo atate anakhala pansi pake mvula yonse ya chaka chimenecho. Anthuwo ankachita manyazi ndi mmene anafikira msanga, pakhomo pamene anali atasiya kufikapo mwini wake ali moyo. Ndipo amayi sanakane tenti chifukwa cha fumbi. Ndikuganiza kuti tsiku lililonse akamayanika zovala kuseri kuja ankaiona kale itamangidwa.

Koma madzulo a Loweruka lija zonsezi sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa kuti kukhitchini kwathu kuli ufa wa anthu, nkhuni za anthu ndi kabichi wa anthu, zimene zinabwera chifukwa ndinalephera kulankhula. Ndinatenga kabuku kanga kusanade, ndipo ndinalemba kuti mawa tikachoka kutchalitchi ndidzasenza beseni lija ndekha, ndiyambire kwa bina Mutinta, ndipo pakhomo lililonse ndidzayang'ana munthu kumaso n'kunena mokweza kuti amve: atate ali moyo, akuti muzibwera.