Chala Chimene Ndinabisa mu Golovesi

Ntchito yanga yoyamba ku Joni anandipezera ndi amalume anga a Chikopa, omwe ankalondera pa geti la fakitale ina ku Isando. Anamva kuti kampani yoyandikana nayo, yosunga ndi kutumiza katundu, ikufuna anthu osanja makatoni. Bwana wake sanafunse n'komwe ngati ntchitoyo ndimaidziwa. Atangomva kuti ndine Mmalawi anamwetulira. "Amalawi ndimawakonda," anatero. "Satopa, saba, sadandaula." Ine mtima unangoti myaa.

Amalume nawo anali atandipatsa malangizo awo: "Mphwanga, kuno gwira ntchito, tseka pakamwa. Ndipo uchenjere ndi Azulu, satifuna." Ndiye taonani tsoka langa, kapitawo wathu anali Mzulu! Dzina lawo Mama Zodwa, mayi wamfupi koma mawu ngati wailesi ya m'minibasi. Ndinkawaopa koopsa.

Kusanja makatoni pa paleti, kathandala kamatabwa konyamulirapo katundu, kuli ndi malamulo ake. Makatoni olemera amakhala pansi, opepuka pamwamba, mopingasa ngati njerwa. Kenako umakulunga pulasitiki kuyambira pansi, n'kumanga lamba wachitsulo, n'kukoka paletiyo ndi jeki yamatayala mpaka pakhomo la thiraki. Tsiku lina ndikulimbitsa lamba uja, anangoti thapu kuduka, n'kunditema chala chamkombaphala. Magazi chuchuchu. Ndinakulunga ndi tepi ya makatoni, ndinavala golovesi, ntchito n'kupitirira. Paja Mmalawi sadandaula. Komanso ndinkaopa kuti ndikanena, mawa lake pamalo panga padzaima wina.

Chala chija chinatupa ngati mbatata, chinayamba kununkha, thupi lonse likutentha. M'mawa wina kunabwera kontena yodzaza ndi matailosi. Ndinkakankha jeki ndi chigongono, katoni imodzi n'kundipulumuka, phwaa pansi. Ndinangoti basi, ntchito yatha.

Mama Zodwa anabwera, koma matailosiwo sanawayang'ane. "Vula golovesi."

"Ndili bwino, Mama."

"Ndati vula!"

Atachiona chalacho anagwira kumutu. "Hawu! Mwana iwe, wapenga?"

Anandikweza m'galimoto yawo, ulendo wa kuchipatala, njira yonse akundilalatira. "Bwana akamati Amalawi simudandaula, ukuyesa akukukondani? N'chifukwa chake katundu wolemera yense amapatsa inu. Inu mukuvulala mwakachetechete, anzanu akuno akukudani kuti mukuwaonongera ntchito. Akupindula ndani pamenepa?" Ndinangolira ngati mwana, iwo n'kundiponyera kampango kawo, akupitirizabe kukalipa.

Anesi anati ndikanachedwanso pang'ono, chalacho akanadula. Mama Zodwa anakaonana okha ndi bwana. Zimene anakambirana sindizidziwa, koma anzanga akuti mawu a mayiwo ankamveka mpaka kwa oyendetsa folokolifiti, makina onyamulira mapaleti. Nditachira ndinapeza malo anga akundidikira. Mayi amene aja ndimawakonda mpaka lero, ndipo mwana wanga woyamba anamunyamula asanamunyamule ambuyake a ku Malawi.

Chimene ndinatolapo n'chakuti mbiri imene anthu amaveka mtundu wonse, ingakome bwanji, imatha kukutseka pakamwa pamene uyenera kukuwa. Chala changa chinapola, koma chinapindika, sichiwongoka. Mnzathu wakumudzi akangoyamba ntchito, ndisanamuphunzitse kusanja paleti ndimayamba ndamuonetsa chalachi, n'kumuuza kuti: achimwene, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chikakupwetekani, nenani.