Mkango wa Pachipata cha ku Babulo

Ndili ku Babulo, koma ndowa ili pamutu pangayi ndi yomwe ija ndimatungira madzi amisiri omanga nyumba kwathu. Tikumanga chipata cha mfumu. Njerwa zake ndi zabuluu, zonyezimira, ndipo iliyonse ili ndi kachidutswa ka mkango, ina khutu, ina chikhadabo. M'malo mwa simenti tikumangira phula lotentha.

Amisiri asokoneza njerwa. Mchira uli pakamwa, miyendo yaloza kumwamba, ndipo mkangowo ukulira m'khomamo ngati mbuzi yomangidwa. A Phiri, kapitawo wathu, amera ndevu zopotanapotana zofika pachifuwa.

"Mfumu ikaona zimenezi, tonse tiponyedwa mumtsinje," akutero.

"Bwana, ndipatseni chipande chomangiracho. Njerwazi ndasenza ndine, ndikuidziwa iliyonse."

"Inu Nabanda, ntchito yanu ndi madzi."

Ndikuwalanda chipandecho. Ndikugumula, ndikuyalanso, phula likundiwotcha zala koma sindikusiya. Njerwa ya diso yasowa. Ndikuipeza pamutu panga, mkati mwa nkhata, ikadali yofunda. Nditangoiika, mkango ukuphethira, ukutsika pakhoma, ukumwa madzi m'ndowa mwanga, kenako ukubwerera pamalo pake.

Mfumu yafika pangolo ya akavalo. Yayang'ana khomalo nthawi yaitali.

"Wamanga apa ndani?"

Amisiri onse azyolika. A Phiri akuvula chipewa, akundiloza ndi manja awiri.

"Mmisiri wathu ndi mayiwa."

Ndadzuka dzanja lili chifumbatire, ndipo lero lonse ndowa ndaisenza khosi lili njo.