Nyimbo Yoperekezera Bambo Anga

Bambo anga anathyola tiyi mpaka msana unapindika, koma anthu ankawadziwira kuimba. Ali anyamata anaphunzira kwa ansembe akale nyimbo zachilatini, zija zoimba popanda ng'oma kapena kuwomba m'manja. Ine nditakhala wotsogolera kwaya kutchalitchi kwathu ndinkasankha za kiyibodi ndi maseche, poti ndi zimene anthu ankakonda.

Chaka chimene anadwala sitiroko anandiitanira pamphasa pawo. Lilime linali litayamba kale kulemera.

"Mwananga, pondinyamula kutuluka m'tchalitchi mudzandiimbire ija yoperekezera. Anzanga onse amene anatsogola ndinawaimbira ndine."

"Ndidzaimba, ababa," ndinatero, poganiza kuti nthawi yoti andiphunzitse ilipo.

Pasanapite nthawi mawu awo anatsekeka. Ndinayamba kuzungulira kufunafuna woidziwa nyimboyo. Akwaya anzanga onse anali ana adzana, sankaidziwa. Ndinakwera kabaza kupita ku Luchenza kwa mkulu wina amene ankaimba nawo limodzi, koma ndinakapeza atagontha kalekale, ndipo sanandizindikire n'komwe. Ku Masambanjati, kumene kunali mnzawo wina, anandilozera kumanda. Pobwerera ndinatsika pakati pa minda ya tiyi, ndinakhala m'mbali mwa msewu n'kumalira, mathirakitala onyamula masamba akundithira fumbi.

Bambo mfumu athu, munthu wachinyamata wochokera kumpoto, anandipezera nyimboyo pafoni. Ndinathamanga nayo kunyumba n'kuiika pakhutu pa wodwalayo. Anamvetsera, kenako anapukusa mutu, misozi ikutsika. Mawu anali omwewo, koma kaimbidwe sikanali kawo. Pa zaka zonsezo nyimboyo inali itasintha m'kamwa mwa anthu a kuno, n'kutenga kakokedwe ka nyimbo za pamaliro a Chilomwe.

"Nanga ndichite bwanji, ababa? Ndiuzeni."

Anandigwira ndi dzanja lawo lomwe linkagwirabe ntchito, n'kuyamba kuimbira kukhosi, milomo ili chitsekere. Ine ndinkatsatira, mawu ndikutenga pafoni. Ndikakweza posayenera ankandifinya chala. Tinkatero m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito kufakitale ya tiyi. Ankatopa msanga, moti mzere umodzi unkatitengera masiku. Ndinkawachonderera kuti, "Pang'ono pokha, ababa," ndikuona ndithu kuti ndikuwapweteka, koma ndinalibe kwina kopita.

Anamwalira titafika pakati.

Tsiku la Misa ya maliro akwaya anati tingoimba yachichewa imene aliyense amaidziwa. Ndinakana. Anthu atanyamula bokosi ndinayamba ndekha mpaka ndinafika pomwe tinalekera. Ndinayang'ana m'tchalitchi monse, nkhalamba imodziimodzi, kuti mwina wina aigwira n'kupitiriza. Panalibe. Onyamula bokosi anali ataima pakhomo, akundiyang'ana, osadziwa ngati atuluke.

Ndinabwerera poyambira. Ndinaimba theka lomwelo mobwerezabwereza, njira yonse yodutsa m'minda ya tiyi. Titayandikira kumanda mawu anandithera, ndipo amayi awiri a m'kwaya, amene anali ataigwira panjira, anaimba m'malo mwanga kukafika pomwe nanenso ndinkalekera.