Nyumba Imodzi, Amayi Awiri

Inu owerenga, ndinatseka pakamwa pa nthawi imene ndinayenera kulankhula, ndipo mpaka lero ndikamadutsa kudera la Railways ndimayenda chozolika. Zinandigwera ndili m'chaka chachitatu cha maphunziro a zamalamulo kuno ku Kabwe.

Kusukulu kwathu tinali ndi kagulu ka ophunzira kothandiza anthu amene sangakwanitse kupeza loya. Loweruka tinkakhala mu holo ya tchalitchi china, anthu n'kumabwera ndi madandaulo awo. Ife sitinkaloledwa kuimira munthu kukhoti. Ntchito yathu inali kumvetsera, kufufuza, kenako kukatula nkhaniyo kwa mayi wina, loya weniweni, amene ankatiyang'anira. Tsiku loyamba lomwe mayiyo anatiuza kuti nkhani ikakhudza m'bale wako, unene msanga, uisiyire mnzako.

Loweruka lina kunabwera mayi wamasiye, Amake Dalitso. Amuna awo anali atamwalira, ndipo abale a malemuwo ankafuna kugulitsa nyumba ya ku Railways imene mayiyo ankakhalamo ndi ana. Malamulo a dziko lino amateteza mkazi wamasiye ndi ana pa nkhani ya nyumba, choncho ndinaona kuti mlanduwu ndi wosavuta. Ndinapita kukaiona nyumbayo, ya geti la buluu ndi mtengo wa mapeyala pabwalo. Ndinawagwira dzanja n'kuwauza kuti asade nkhawa, m'nyumba muja sachokamo. Kuyambira tsikulo ankanditcha loya wawo.

Kwathu nako kunali mavuto. Amayi anga ankachita lendi kachipinda kufupi ndi milu ya mgodi wakale, kumene fumbi la mtovu limadwalitsa ana. Mng'ono wanga ankadwaladwala, ndipo kuchipatala anali atanena kuti asamuke kumeneko. Ine ndinkakhala ku Highridge kwa amalume, amene anandilera ndi kundiphunzitsa chimwalirire bambo.

Lamulungu lina titatuluka ku Misa, amalume anatikweza ine ndi amayi m'galimoto akumwetulira, amvekere ali ndi chotionetsa. Tinalowa ku Railways, n'kukaima moyang'anizana ndi geti la buluu lija. Anauza amayi kuti nyumba iyo akuwagulira. Ogulitsawo anawatsimikizira kuti mkazi wa malemu wavomera kubwerera kwawo ku Petauke. Amayi analira ndi chimwemwe, nayamba kuimba nyimbo yothokoza m'galimoto momwemo. Ine ndinatsetsereka pampando kuti asandione wa m'nyumbamo.

Inu owerenga, mukanakhala inu mukanatani? Ndikauza amalume, ndiye kuti mwana amene anamuphunzitsa okha akuwalanda nyumba ndi malamulo omwewo. Ndikauza a m'gulu lathu, nkhani ipita kukhoti, mng'ono wanga n'kupitiriza kupuma fumbi. Ndikapitiriza kuthandiza Amake Dalitso, ndikulimbana ndi mayi wondibala. Kulikonse kumene ndinkatembenukira kunali munthu amene ndinkamukonda. Ndiye sindinauze aliyense. Ndinkangodzinamiza kuti mwina zikonzeka zokha.

Loya wathu akafunsa za nkhaniyo, ndinkati ndikufufuzabe. Amake Dalitso akaimba foni, ndinkangoiyang'ana mpaka isiye kulira. M'kalasi ndinkakhala thupi lokha. Amayi nawo anali atayamba kumanga katundu, akundifunsa mtundu wa makatani woyenera pa windo la kuchipinda changa.

Tsiku losamuka litafika, amalume anati ogulitsa aja awauza kuti nyumba ili mbee. Ndinakwera lole pamodzi ndi amayi, mtima ukupempha kuti tisapeze munthu. Titafika tinapeza katundu ali mbwee pabwalo, miphika, mabulangete, mashini osokera. Amake Dalitso anali atakhala pansi pa mtengo uja ndi ana awo. Alamu awo anali atawatulutsa m'mawa womwewo.

Mayiyo atandiona ndikutsika, anadzuka nkhope ikuwala.

"Loya wanga wabwera! Ndinadziwa kuti sunganditaye."

Kenako maso awo anapita pa lole, pa matiresi ndi mipando, ndi pa amayi amene anali atafungatira mng'ono wanga. Amake Dalitso anatembenukira kwa ine.

"Mwana wanga, kodi nawenso?"

Amayi anandifunsa ngati ndikuwadziwa mayiwo. Ndinafotokoza zonse pamsewu pomwepo, anthu oyandikana nawo akumva. Amayi sanakalipe. Anangouza woyendetsa lole kuti asatsitse kanthu. Anati iwonso ndi amasiye, sangagone m'nyumba imene mnzawo watulutsidwamo akulira. Tinabwerera ndi katundu yense ku kachipinda kaja.

Loya wathu atamva, anaitenga yekha nkhaniyo, ndipo khoti linabwezera Amake Dalitso m'nyumba mwawo. Koma anali atagona kale masabata angapo pakhonde la mnzawo, ndipo mashini osokera amene ankadyetsera ana anaonongeka ndi mvula. Loyayo anandiuza kuti ndikananena tsiku lomwe ndinadziwa, mwina mayiyo sakanatulutsidwa, ndipo amalume akanaimitsa zogulazo zisanafike patali. M'gulu muja anandichotsa. Sindinadandaule, chifukwa ankanena zoona.

Amalume mpaka pano akuthamangitsana ndi ogulitsa aja kuti awabwezere ndalama zawo. Sanandithamangitse pakhomo, koma timadya patebulo limodzi osayang'anana. Chimene chimawawawa si nyumba ayi. Amati ndinawaona akulowa m'dzenje, ine ndikudziwa malamulo, osawakoka malaya. Amayi akadali kufumbi kuja, ndipo mng'ono wanga tinachita kumutumiza kwa azakhali ku Mpima. Amake Dalitso ndinapita kukawapepesa. Anandipatsa mpando, nandimvetsera mpaka kumapeto, koma dzina langa sanalitchule.

Inu amene mukuphunzira zamalamulo n'kumathandiza anthu m'magulu ngati lathu lija, musamalonjeze munthu wovutika chinthu chimene sichili m'manja mwanu. Ndipo mukaona kuti nkhani yafika pakhomo panu, nenani tsiku lomwelo. Ine ndinkaganiza kuti ndikakhala chete ndiye kuti sindinasankhe mbali. Pamene ndinkadikira, anthu ena anali akutulutsa miphika ya mayi wamasiye panja.