Magalasi a Bambo Mbewe

Ndimajambula mapulani a zitsulo pakompyuta, pakampani ina yokonza makina a m'migodi ku Rustenburg. Tsiku lina ndinawonjezera kuchindikala kwa chitsulo pachithunzi, koma mawu a m'munsi osonyeza muyezo anatsala akale, poti ndinangowatayipa mwaulesi osawalumikiza ndi chithunzicho. Bambo Mbewe, owotcherera zitsulo a kwathu ku Dedza, anadula motsatira mawuwo. Chitsulo chinapindika ngati chitini.

Kapitawo asanafike, ndinakonza mawuwo n'kukasinthanitsa pepala patebulo pa Bambo Mbewe, mwakabisira ngati khoswe. Kapitawoyo atafika anawalalatira pamaso pa tonse.

M'takisi ya ku Nkaneng, komwe timakhala, Bambo Mbewe anandisungira mpando. "Mwana wanga, masowa akalamba," anatero.

Ine ndinavomera ndi mutu. Thu!

Lolemba anabwera atavala magalasi atsopano, n'kundifunsa ngati akuwakhala.