Koko sakwera kumtunda

Azakhali anga a Joice ndi amakani, ndipo musayembekeze kuti ndiwapepesera. Ndi mlongo wawo wa bambo anga, a Bonface. Azakhaliwo anathyola tiyi ku esiteti mpaka msana unakana, kenako anabwerera kumunda umene amayi awo anawasiyira, kumunsi kwa Limbuli, m'mbali mwa mtsinje wa Ruo. Mundawo ndi wotsetsereka. Kumtunda amabzala chimanga ndi nandolo, pakati chinangwa, ndipo kumunsi kwenikweni, kumene phazi limatitimira, kuli koko, mbewu ya m'dambo yobereka pansi ngati mbatata, amene agogo anachita kusenza pamutu pochokera ku Mozambiki. Ife kokoyo tinkamunyoza. Ndani angasiye chimanga n'kumalimbana ndi chinthu choyabwa kukhosi?

Chaka cha namondwe chija madzi anatsika m'phiri ndi miyala yomwe, Ruo n'kudzagona m'munda mwa azakhali. Madzi ataphwera ndinapita kukaona, ndipo ndinalira, sindibisa. Nandolo ndiye anayamba kufa, paja iye madzi akangomuimira m'mizu basi zake zada. Chimanga chinachita chikasu n'kugona pansi. Chinangwa chinkaoneka chamoyo, koma ukazula, fungo lake ngakhale galu kuthawa. Kumunsi kuja kunali matope okhaokha, koko osaoneka n'komwe.

Bambo anga ndiwo mwini mbumba, choncho pa nkhani za malo mawu awo amalemera. Anatulukira ndi a Juma, oumba njerwa, amene maso awo anali kale pa dothi lija. Aliyense akudziwa kuti oumba njerwa akalowa m'munda amasiya maenje, khasu silidzagweramonso.

"Achemwali, munda uwu wafa," anatero bambo. "Tiwapatse a Jumawa aumbepo njerwa. Inu musamukire kwathu kumtunda, tikakupatsani mizere ingapo."

"Kwanu kwake kuti, achimwene? Kumene inu muli mkamwini kuja? Ine ndizikapempha mizere kwa alamu anga, malo a amayi ali pompano?"

Bambo anayang'ana kumbali. Azakhali anapinda chitenje, n'kulowa m'matope mpaka m'mawondo, kufukula ndi manja. Anatulutsa koko wolimba gwa, kansonga kake kakuyera pamwamba.

"Mwaona nandolo wafa, ndiye mwati munda wafa. Mbewu sizifa imfa imodzi. Uyu madzi sawaopa, wangophimbika."

A Juma anaseka. Anati iwo alibe changu, njala ikawawa azakhali adzachita kuwaitana okha.

"Mukhale mukudikira," anayankha azakhali. "Tsiku lodzakumba pano mudzayambe mwakumba ine."

Kuyambira pamenepo ankalawirira ndi beseni kukachotsa matope pa phando lililonse, msana womwe uja unakana tiyi. Ankadya zotolatola, anaonda mpaka ine mtima unkandiwawa. Ndinawauza kuti amvere bambo, ndipo anandithamangitsa ngati nkhuku yolowa m'nyumba. Patapita masabata, masamba akuluakulu aja anadzuka m'dambo monse, obiriwira mochita kunyoza. Azakhali anagawa mphukira zake n'kubzala mpaka pamene panali chinangwa.

Njala inabweradi, koma inayambira kwathu, chifukwa nako kumtunda chimanga chinakokoloka. Bambo anazengereza, anazengereza, mapeto ake anatsika ndi dengu lopanda kanthu. Azakhali sanawanene. Anawaphikira koko mpaka anapsa bwino, osayabwa ngakhale pang'ono, ndipo bambo anadya osadzutsa mutu.

Atasamba m'manja anati, "Achemwali, mundipatseko ndi wobzala yemwe, ndikayese kwathu."

"Wakudya tengani, dzazani dengulo, ana adye. Koma wobzala ayi. Kumtunda kwanuko n'kouma, mukangomupha. Uyu ndi wa m'matope muno. Ndipo ine mumati mukandibzale kuti?"

Bambo anasenza dengu lawo n'kuyamba kukwera chitunda. Za njerwa sanazitchulenso.